Anastazia wa ku Mwape

"Peka chabe, iwe! Ndani wa ku yunivesite angabwele kuno ku Kaumbwe kudzafunsa?" anatelo Conrad, msuweni wa Ezelina, uku akupondela thonje m'thumba.

 Ezelina anali atatopelatu. Kafukufuku wake wa chaka chomaliza anali wokhudza anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika kuno, ngati makolo ake. Anayenda m'midzi mpaka mapazi kutupa, kujambula mawu a okalamba pa foni. Ndiye foniyo inagwela m'chitsime, mawu onse n'kuthela momwemo. Ntchito inkafunika Lachisanu, apo ayi abweleze chaka. Atate ake, a Julio, akanamuthandiza, koma iwo za nkhondo sankazikamba n'komwe.

Masana amenewo anakhala patsinde pa mango ndi laputopu, n'kuyamba kupeka anthu. Manyazi anali nawo, koma kutopa kunaposa. Atamaliza munthu woyamba anawelengela Conrad kuti amve ngati zikumveka zoona.

"Amai Anastazia Fulede, a ku Mwape, anati: 'Ndinasiyana ndi abale anga pothawa, ndili kamtsikana.'"

A Julio ankasoka thumba chapafupi. Singano inawagwa m'manja.

"Wati ndani?"

"Anastazia Fulede, atate."

"Unamuona ndi maso ako? Ali moyo?"

Ezelina anayang'ananso pa laputopu. Dzinalo linali litangomubwelela m'mutu polemba, osadziwa kuti analimva kuti. Apa m'pamene anakumbukila: malemu amai ake analitchulapo monong'ona, iye ali mwana. Anastazia anali mlongo wa atate ake, amene anasowa m'thengo pothawa.

A Julio anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, akukankha njinga.

"Ndikagona ku Nyimba, mailo ndifike ku Mwape. Ndiuze mudzi wake, mwana wanga. Kodi wakalamba? Ali ndi ana?"

Conrad anazemba, ati akaone mbuzi.

"Atate, imani." Ezelina anagwila chishalo cha njinga. "Kulibe munthu ameneyo. Ndangopeka. Ndimafuna chabe kumaliza sukulu."

 A Julio sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Ezelina kwambili. Anatsamilitsa njinga pakhoma n'kukhala pansi, jekete lili m'thupi.

Ezelina anafufuta zonse, akulila. Kenako anabweleka foni ya Conrad n'kuimbila a Daka, aphunzitsi oyang'anila kafukufuku wake. Anawauza za chitsime, anawauzanso za bodza lija.

"Nanga bwanji sunanene kale?" anatelo a Daka mousa moyo. "Ofesi yothandiza ophunzila ilipo chifukwa cha mavuto otele. Ndikupemphela nthawi, koma sindikulonjeza. Mwina chaka chino sumaliza ndi anzako."

"Ndamva, a Daka."

Atadula foni anapeza atate ake ali pomwe paja, akupukuta fumbi pansapato imene inalibe fumbi.

"Foni imeneyo imajambula mawu?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Imajambula."

"Khala apa. Yatsa." Anakhosomola, n'kukonza kolala ya jekete. "Ndinamugwila dzanja ndine tsiku limenelo. Ulembe dzina lake bwinobwino. Ndipo ulembe kuti sitinamupeze."