Mapu a Dimba la Felesiya

M'chaka cha 1995, mvula itangokata, Felesiya Maliro anapita kudimba kwake kufupi ndi Mitundu n'kupeza waya waminga utadutsa pakati pa tomato wake. Mwini esiteti ya fodya yoyandikana naye anali atasuntha mpanda, ndipo chitsime chimene anakumba malemu mwamuna wa Felesiya chinatsekeredwa mkati. Chifukwa cha mkwiyo, Felesiya anazula mitengo itatu ya mpandawo n'kuitaya kudambo.

Mawa lake mlamu wake Gilibati, wokonza njinga pa Nathenje, anafika ali wefuwefu.

"Alamu, dziko lasintha! Lachinayi pa Nathenje kukubwera loya wothandiza anthu wamba. Koma za mitengo mwazulayo, pakamwa tseke! Ophunzirawa amadyera mbale imodzi. Mukanena m'mawa, madzulo bwana wa esiteti wamva kale."

Felesiya anakula m'nthawi imene mawu olankhula potunga madzi ankatha kukufikitsa kupolisi, choncho anamvera. Lachinayi litafika anapita kwa loyayo, Mayi Zipora Masozi, ndipo atafunsidwa ngati anakhudza mpandawo, anakanitsitsa. Mayi Masozi analembera esiteti kalata yamphamvu yonena zomwezo. Yankho silinachedwe: alonda awiri anamuona Felesiya akuzula mitengoyo, ndipo bwana ankafuna kumumangitsa.

"Mayi Maliro, mwandilembetsa bodza," anatero loyayo mofatsa. "Munaopa chiyani?"

"Ndimaopa kuti mukandinenera."

"Zimene mumauza loya wanu pofuna thandizo pa mlandu ndi chinsinsi chanu. Lamulo silindilola kuziulula popanda inu kuvomera, ngakhale andifunse wapolisi kapena woweruza. Mukanandiuza, ndikanadziwa poyambira."

Felesiya anayang'ana kukhomo, kenako anasendeza mpando. Anafotokoza zonse, ngakhale pamene anataya mitengoyo. Potuluka, mtima unali utapepuka.

Sabata yotsatira Felesiya, Gilibati ndi Mayi Masozi anakwera basi kupita ku Lilongwe, ku ofesi ya boma yosunga mapu a malo, kukaona malire enieni a esiteti. Kalaliki anapukusa mutu. "Fayilo ya boma sitionetsa anthu wamba."

Mayi Masozi anatsegula kabuku ka malamulo atsopano oyendetsera dziko n'kuloza ndi chala. "Apa akuti munthu ali ndi ufulu woona zimene boma likusunga, ngati zikufunika poteteza ufulu wake. Dimba la mayiwa ndilo likudyetsa ana awo."

Anawabweza kawiri. Ulendo wachitatu, mkulu wa ofesiyo anawerenga kalata imene analemba yopempha kuona mapu n'kulola. Mapu atatambasulidwa patebulo, mzere wofiira wa malire a esiteti unathera pakhwawa. Dimba lonse linali kunja!

Felesiya anaiwala kuti ali mu ofesi. Analiza nthungululu mpaka makalaliki anasuzumira m'zitseko. Gilibati anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba.

"Demokalase imeneyo! Tsopano tiitanitsenso makalata amene bwana uja amalemberana ndi loya wake. Tione zimene amapangana!"

Mayi Masozi anaseka. "Amenewo ayi, a Gilibati. Mapu ndi a boma, n'chifukwa chake tawaona. Zokambirana za munthu ndi loya wake n'zotetezedwa, akhale wolemera kapena wosauka. Kodi mungakonde kuti bwanayo amve zonse zimene alamu anu anandiuza ine?"

Gilibati anakanda m'mutu. "Iyayi, zimenezo zikhale momwemo."

Loya wa esiteti ataona mapuwo, sanafunenso za kukhothi. Anagwirizana kuti Felesiya apepese ndi kubweza mitengo ija, ndipo esiteti ibweze mpanda pakhwawa. Zinachitikadi mwezi usanathe.

Lachinayi lotsatira, Felesiya anafika pa Nathenje ndi amayi anayi a m'mudzi mwake, aliyense ndi dandaulo lake. Woyamba asanalowe kwa loya, Felesiya anamugwira dzanja.

"Mukalowa, nenani zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe. Ine kubisa kunatsala pang'ono kundigonetsa m'chitokosi."

Phunziro: Musamubisire loya wanu choonadi, chifukwa lamulo limateteza zimene mwamuuza. Muli ndi ufulu wopempha kuona zolembedwa za boma zokhudza ufulu wanu, koma chinsinsi cha mnzanu ndi loya wake n'chotetezedwa ngati chanu chomwe.