Magalasi a Basi

Pa depoti ya mabasi panali lamulo limene silinalembedwe paliponse: basi siyibwerera m'mbuyo popanda munthu woima kumbuyo kwake. Malo otsukira anali opanikiza, khoma uku, thanki ya madzi uku. Wotsuka ankaima pakona n'kumamenya nthiti ya basi ndi chikhatho. Akamenya kawiri, dalaivala ankabwera. Akamenya kamodzi mwamphamvu, dalaivala ankaima. Madalaivala ankangomvera makutu, maso ali kutsogolo, ena akutafuna chingamu.

Mayi amene ankamenya bwino kuposa onse anali atatsuka mabasi zaka zisanu ndi zinayi. Anzake ankamutchula kuti Adalaivala. Dzinali linayamba ngati chipongwe, tsiku limene ananena pa nthawi ya tiyi kuti akufuna kudzayendetsa basi, koma linakhazikika moti ngakhale akapitawo ankamuitana choncho.

"Adalaivala, ndowa yanu yatha mafuta," ankatero madalaivala podutsa.

"Ithireni, bwana, mwayandikira ndinu," iye ankayankha osadzutsa mutu.

Kampani inkalemba madalaivala atsopano kamodzi pachaka, mu Novembala, ndipo sinkatenga munthu amene wakwanitsa zaka makumi anayi. Iye ankakwanitsa zakazo mu Disembala chaka chimenecho. Laisensi ya galimoto yaing'ono anali nayo kale. Imene inkasowa ndi ya basi, ndipo Novembala wotsala anali mmodzi yekha.

Ankamuphunzitsa ndi mlamu wake, mkulu wake wa mwamuna wake, dalaivala amene aliyense ankamuti Hutala chifukwa ankaliza hutala ngakhale kwa nkhuku. Lamlungu masana akapitawo ankawalola kugwiritsa ntchito basi yakale yopanda mipando imene inasiya kuyenda pamsewu. Mnzake wotsuka naye, mayi wa mapasa amene ankangomuti Amapasa, ankabwera kudzaima kumbuyo n'kumamenya. Basi inkalowa pamalo otsukira ngati ulusi m'singano.

"Mlamu, mwatha," anatero Hutala. "Akakulepheretsani ndi ufiti."

Mayeso oyamba anali mu Malichi. Pamsewu anayenda bwino. Pabwalo la mayeso panali migolo yopanda kanthu yoikidwa m'mizere iwiri, ndipo wina unali kumapeto. Ntchito inali yolowetsa basi chakumbuyo pakati pa mizereyo n'kuima osakhudza mgolo wakumapeto. Iye analowa mowongoka bwinobwino, n'kupitirira, n'kugunda mgolowo. Unagubuduka mpaka kumpanda.

Mayeso achiwiri anali mu Juni. Anagunda mgolo womwewo.

Woyesa mayeso, bambo wowonda wovala chipewa, anabwera pawindo.

"Mayi, kutsogolo mumayenda ngati munthu wa zaka zambiri pa ntchito. Kumbuyoku mumadikira chiyani?"

Iye sankadziwa n'komwe kuti amadikira.

Kunyumba mwamuna wake, telala wosoka pakhonde la sitolo, anamva nkhaniyo akusita malaya a kasitomala pa tebulo lodyera.

"Koma migolo imeneyi inakulakwirani chiyani, amayi?"

"Musandiseke, abambo."

"Sindikuseka. Ndikufunsa ngati wachibale wa migolo." Anatembenuza malaya. "Taonani manja anuwo mmene ang'ambikira ndi sopo. Sabata yonse muli m'madzi. Lamlungu loti mupume muli pa chiwongolero, ana akukuonani ngati mlendo. Kulephera kawiri ndi tsoka. Kachitatu anthu amati ndi kusamva."

"Anthu atero kale."

"Ndiye mukufunabe?"

"Ndikufunabe."

Mwamunayo anapinda malaya. Lamlungu lotsatira anachapa yekha mayunifolomu a ana, monga ankachitira kuyambira mu Januwale.

Chimene ankadikira anachidziwa Lachiwiri lina m'mawa, kumayambiriro kwa Julayi. Basi inkalowa chakumbuyo, iye ataima pakona, ndiye payipi ya madzi inamukola jombo. Anawerama kuti aichotse. Podzuka anapeza basi ikubwerabe, itatsala pang'ono kupsompsona khoma. Anamenya ndi mphamvu zonse. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Iwe, ukufuna ndigwetse khoma? Ine ndimadikira iweyo!"

"Nanga magalasi muli nawo a chiyani?"

"A chiyani? Opesera tsitsi. Galasi langa ndi dzanja lakolo."

Anthu anaseka. Iye anatenga kansalu n'kukwera pa sitepe kukapukuta galasi la kumanzere, ntchito imene ankaigwira tsiku ndi tsiku. Anakhalitsa pamenepo. Amapasa atamufunsa ngati wadwala, iye anati:

"Magalasi awa ndawapukuta zaka zonsezi. Chimene ndaonamo ndi nkhope yanga yokha."

Lamlungu anauza Amapasa kuti asamenye.

"Ndiye ndabwereranji? Ndasiya zochapa mulu chonchi."

"Mwabwera kudzaonerera. Manja muike m'thumba."

"Achemwali, dzanja langali limadzuka lokha."

"Likhalireni."

Anaika ndowa pansi m'malo mwa migolo. Hutala, amene nayenso sanabwererepo m'mbuyo popanda womumenyera chilowereni pa depotiyo, ankapereka malangizo osemphana. Tsiku limenelo basi yakale inaphwanya ndowa ziwiri za kampani, ndipo inakalula thanki ya madzi, n'kusiyapo mzere wautali woyera.

Lolemba akapitawo anaima patsogolo pa thankiyo, manja kumbuyo.

"Basi ija ndi yakale, sindikana. Koma thanki iyi ndi yatsopano. Adalaivala, sukulu yatsekedwa. Makiyi ndasunga ine."

Kuyambira mu Julayi mpaka kumapeto kwa Seputembala sanayendetse basi ngakhale kamodzi. Mayeso omaliza amene akanatha kulowa Novembala asanafike anali mu Okutobala.

Komabe kupukuta malo a dalaivala inali ntchito yake, ndipo palibe amene akanamuletsa kukhala pampando pamene akupukuta. Basi iliyonse akamaliza kuitsuka ankakhala pampandopo, injini ili yozima, n'kuyang'ana m'magalasi. Amapasa ankatenga ndowa n'kukaiika kumbuyo, nthawi zina pafupi, nthawi zina patali, nthawi zina pakona.

"Ili pati?" ankakuwa Amapasa.

"Patali. Munthu akhoza kugona pakati."

"Mwakhoza. Nanga apa?"

"Yakhudza."

"Bodza! Pakhoza kudutsa njinga."

Poyamba ankalakwitsa kwambiri. Galasi limanama mwa njira yake: chinthu chapafupi limachionetsa patali, ndipo galasi la kumanzere silinama mofanana ndi la kumanja. Anaphunzira kuyang'ana tayala lakumbuyo, kenako kachigawo ka pansi kamene kamaoneka pakati pa mchira wa basi ndi ndowa. Kachigawoko kakachepa ngati chala, ndiye kuti basi yafika.

Madalaivala anapeza choseketsa chatsopano.

"Lero mwafika kuti, Adalaivala? Tikwere nawo?"

"Yadzaza."

"Basi yozima injini siichita ngozi, limbikirani."

Amapasa ankawayankhira: "Inu mukadzachoka pano mudzalemba ganyu wokumenyerani kunyumba kwanu."

Mayeso achitatu anali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Okutobala. Kunkatentha. Woyesa anali yemwe uja wa chipewa, ndipo atamuona anangoti, "Mwabweranso." Pamsewu anayenda ngati kale. Pabwalo anali womaliza, atatsogoleredwa ndi amuna atatu. Malamulo anali omwe aja: kuima panjira sikulakwa, koma ukakoka buleki ya dzanja ndiye kuti wamaliza, ndipo mphuno ya basi ikakhala kunja kwa mzere woyera wojambulidwa pansi polowera pakati pa migolo, walephera chimodzimodzi ndi wogunda mgolo.

Analowetsa giya ya m'mbuyo. Migolo inayamba kudutsa m'magalasi, umodzi kumanzere, umodzi kumanja. Mgolo wakumapeto unaonekera m'galasi la kumanzere, waung'ono.

Kuseri kwa mpanda kunali malo otsitsira katundu. Munthu wina kumeneko anatseka chitseko cha lole. Phaa! Kamodzi, mwamphamvu.

Phazi lake linaponda buleki lisanamufunse. Basi inaima mogwedezeka. Dzanja lake linali kale pa buleki ya dzanja, pakuti kwa zaka zisanu ndi zinayi phokoso limenelo linkatanthauza kuti ntchito yatha. Woyesa anakweza mutu.

Iye anayang'ana m'galasi. Pakati pa mchira wa basi ndi mgolo pankaoneka pansi potakata, poti munthu akhoza kugona. Anachotsa dzanja pa buleki n'kulibwezera pa chiwongolero. Basi inayambanso kuyenda pang'onopang'ono. Pansi paja panachepa ngati chikhatho, kenako ngati zala ziwiri, kenako ngati chala. Anaima. Anakoka buleki.

Woyesa anayenda kupita kutsogolo, nayang'ana mzere woyera. Anapita kumbuyo, nalowetsa nsapato yake pakati pa basi ndi mgolo. Inalowa. Anabwera pawindo.

"Munaimiranji pakati paja?"

"Ndinamva ngati andiitana."

"Ndani?"

"Palibe."

Woyesayo anakonza chipewa. "Mwakhoza, mayi. Tsikani."

Kunyumba mwamuna wake anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati mgolo uja waupatsa moni. Madzulo omwewo anatenga tepi n'kumuyeza mapewa, ati yunifolomu za kampani sizikwana munthu aliyense.

Kampani inamulemba pa 18 Novembala. Anamupatsa msewu wa kumafakitale, umene madalaivala akale ankaukana chifukwa cha maenje. Tsiku loyamba anabwerera pa depoti dzuwa likupendeka, basi ili mbuu ndi fumbi. Hutala analiza hutala pa geti popanda chifukwa. Akapitawo anaima pafupi ndi thanki, pamene mzere woyera uja unkaonekabe.

Amapasa anaima pakona, namenya kawiri. Basi inalowa chakumbuyo pakati pa khoma ndi thanki, ndipo inaima dzanja la Amapasa lidakali m'mwamba. Amapasa anayang'ana khoma, nayang'ana mchira wa basi, kenako anamenyabe kamodzi.

"Mwamenyeranji? Ndaima kale."

"Lamulo ndi lamulo, Adalaivala."

Pa dzinalo panalibe amene anaseka. Iye anazimitsa injini, natsika. Galasi la kumanzere linali ndi fumbi. Anatenga kansalu paphewa pa Amapasa, nakwera pa sitepe, n'kulipukuta.