Nsapato za Nyenyezi Kunsi

Fakitale itayamba kuchepetsa anthu, Titus anali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti akapume kunyumba. Ntchito inamuwawa, inde, koma chimene chinamudya mtima ndi timu yothamanga ya pakampani. Kale ankapatsidwa nsapato ndi vesti yolembedwa dzina, ndipo akamadutsa m'komboni ya Nangongwe ana ankamuombera m'manja. Tsopano vesti inali itasanduka sefa. Masiku amenewo, mwamuna akamathamanga m'komboni, anthu ankayamba ayang'ana kaye chimene wanyamula.

Mpikisano wochokera ku Shimabala kudzathera m'tauni unali pafupi, ndipo nsapato zake zinali zitayasamula. Anapita pamsika, pamene salaula, katundu wovalidwapo kale wobwera m'mabelo, anali atadzaza mathebulo onse. Kusankha nsapato Titus ankakudziwa: kupinda chapansi, kusiya mpata wa chala chachikulu kutsogolo, kenaka kununkhiza, poti ya m'belo imabwera ndi fungo la mankhwala. Palibe imene inamugwira mtima mpaka Yotamu, wogulitsa wa pakona, atasolola ina pansi pa thebulo.

"Iyi ni ya imwe, ba Titus. Sinionetsa aliyense."

Mayo ine, nsapato! Yopepuka ngati chikho, kunsi kuli tinyenyezi. Inamuthina pang'ono kuzala. Fungo la belo panalibe, ndipo m'mizere ya kunsi munali dothi louma la konkuno. Zonsezi Titus anaziona bwinobwino, musamunamizire khungu. Koma mtima ukafuna, mphuno imatseka yokha.

Mkazi wake Dainess anaitembenuza kamodzi kokha. "Atate ake a Joy, iyi nsapato inayendapo kale muno mu komboni. Muibweze."

"Ukamba monga ndiwe unaipanga," anatero Titus, n'kuilonga m'pulasitiki.

Chaka chimenecho akawalala anali atavuta. Azimayi ankasesa pabwalo madzulo, kusalaza dothi, kuti wobwera usiku asiye mapazi. Kukacha amuna ankalondola mapaziwo mpaka pamene athera, ndipo ambiri opezeka kumeneko sankafika kupolisi. Sabata yapitayo akuba anali atathyola nyumba ya mkulu wina wopuma ntchito ya njanji, namumenya mpaka kufa. Aliyense ankanena kuti pabwalo pake panatsala phazi lachilendo. Titus sanafunse kuti lachilendo motani. Ankaopa yankho.

Loweruka m'mawa anavala nsapato zija koyamba, nathamanga mtunda wautali mumsewu wa ku Lusaka. Pobwerera zala zinali zikuyaka moto, sokosi itanyowa, ndipo silinali thukuta lokha. Atakhota pa tuntemba, timashopu ta m'mbali mwa njira, anaona gulu la amuna patsogolo pake. Ankayenda pang'onopang'ono, mitu pansi. Wina ananyamula mpini, wina kachigubu ka palafini. Kumbuyo kwawo wina ankagubuduza tayala.

Titus anayang'ana pansi. Tinyenyezi tinali ndondondo m'fumbi, mapazi ake omwe a m'mawa uja, ndipo amunawo ankawalondola chobwerera kumene anachokera.

Akanatha kuvula nsapato, kuziponya m'ngalande, n'kudutsa ngati munthu wochokera kumsika. Koma mapaziwo ankathera pakhomo limodzi lokha. Ali pomwepo ankaliona khomolo: Dainess atawerama ndi tsache, akusesa mwaphuma kuyambira pachitseko kulowera kunjira, Joy atamugwira chitenje. Mkaziyo anali atamva kale, ndipo ankafafaniza mapazi a mwamuna wake. Tsache linali laling'ono, njira yaitali. Anthu okwiya choncho akapeza mwini wake palibe, amayamba ndi nyumba ndi amene alimo.

Yotamu! Dzinalo analitukwana chamumtima, koma ndani akanamvera za Yotamu palafini ali kale m'manja?

Anaima pakati pa njira, naika zala kukamwa, naimba mluzu umene ankaitanira anzake a timu. Mitu yonse inatembenuka. Anakweza phazi limodzi kuti aone kunsi kwake.

"Kawalala! Ni uyo!"

Dainess anagwetsa tsache. Titus anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, kuwachotsa pakhomo pake, kulunjika kupolisi. Nangongwe yonse inatuluka, zitseko zikumenyeka kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Polisi inali kutali, miyendo anali ataimalizira kale mumsewu wa ku Lusaka, ndipo phazi lililonse likagunda pansi nsapato ija inkamuluma zala. Kumbuyo ankamva tayala likugubuduzika, ndipo silinkatsalira.