Bambo Amene Sanakwere Mlatho

Kanemayo tinamuonera m'chipinda cha makompyuta pa yunivesite, chija chonunkha fumbi ndi nsapato za anyamata. Tinkaphunzira kakonzedwe ka misewu yosapha anthu komanso yosawononga chilengedwe. Aphunzitsi athu tinkawatcha Amaloboti, chifukwa polankhula ankangoima mwadzidzidzi ngati awayatsira kofiira.

Kamera inali pamwamba pa sitolo. Inkaonetsa msewu waukulu, mlatho wa oyenda pansi, ndi bambo wa malaya oyera ataima kunsi kwa mlathowo, thumba lili m'manja. Anapeza mpata nayamba kuwoloka. Lole inatulukira kumanzere.

"Tabwezani," anatero Amaloboti. Bambo uja anayenda chafutambuyo n'kukaimanso m'mphepete, wamoyo. Kenako anawolokanso.

Anali bambo anga. M'kalasimo palibe ankadziwa. Sindinalire, sindinatuluke. Ndinkangomva fani ikulira kudenga, ndipo liwiro la loleyo ndinaliwerengera monga anachitira anzanga. Chimwalirireni bambo, mumtima mwanga munali ngati mwendo wochita dzanzi: uutsine, sumva kanthu.

"Vuto apa n'chiyani?" anafunsa Amaloboti.

"Umbuli basi," anayankha mnyamata wina wakutsogolo. "Mlatho uli pamutu pake penipeni."

Anthu anaseka pang'ono. Mawuwo sanali achilendo kwa ine. Pamaliro ankanong'onezana omwewo, ndipo amayi akamadutsa pamlathopo ankaweramitsa mutu ngati ndife tinalakwira lole.

Ntchito yanga yomalizira maphunziro ndinasankha malo omwewo. Ndinajambula msewu wopanda mlatho: wochepetsedwa m'lifupi, powolokera pokwezeka, maloboti, njira ya njinga, mitengo m'mbali. Zokhoza bwino sindinkazilabadira. Ndinkangofuna kuti munthu mmodzi wodziwa ntchitoyi anene ndi pakamwa pake kuti wolakwa sanali bambo.

Tsiku lofotokoza ntchitoyo, pambali pa Amaloboti panakhala injiniya wamkulu wa mzinda, waimvi, wolankhula mofatsa ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala.

"Mayi, mwajambula bwino," anatero injiniyayo. "Koma tigwetse mlatho wolimba chifukwa cha anthu aulesi? Aphunzitsi, taikaninso kanema uja." Malaya oyera aja anaonekanso pakhoma. "Tandiuzani, chinamuletsa n'chiyani ameneyu kukwera?"

"Bondo lakumanja," ndinayankha. Mawu anga ankamveka ngati ndikuwerenga za munthu wina. "Masitepe a mlathowo ndi ataliatali, ndipo palibe potsetsereka. Akakwera, mwendo unkatupa mpaka kulephera kuvala nsapato."

Injiniya anamwetulira. "Uinjiniya si ula, mayi. Kanemayu sakuonetsa bondo la munthu."

"Ndinkawathowa ndine akaweruka kuntchito. Ndi bambo anga."

Amaloboti anafuna kuzimitsa kanema koma anadina polakwika, ndipo lole inatulukiranso kumanzere. Ine ndinaiyang'ana mpaka inaima.

"Pepani kwambiri," anatero injiniya, atavula magalasi.

"Mapepani ndalandira ambiri, bwana. Ndikufunsa ngati analakwa."

Anayang'ana chojambula changa nthawi yaitali, chala chake chikutsata njira ya njinga mpaka kumapeto kwa pepala.

"Sanalakwe," anatero. "Pomanga mlathowo tinkaganiza za magalimoto. Za miyendo ya anthu sitinaganize."

Ndinadikira kuti china chake chisunthe pachifuwa panga. Palibe chinasuntha. Ndinapinda mapepala anga, ndinathokoza, n'kutuluka.

Pakhonde, pafupi ndi mpopi wodontha, ndinaimbira amayi n'kuwauza mawu a injiniya monga anawanenera.

"Wanena yekha, kapena wachita kumuumiriza?" anafunsa amayi.

"Yekha."

"Pa anthu?"

"Pa anthu, amayi."

"Chabwino, mwananga."

Ndinamva akuika foni patebulo osaidula. Kenako anayamba kulira, kulira kokweza kumene sanalire ngakhale pamanda. Anzanga ankandidutsa kupita kukadya, ine ndili chiimire, foni ili kukhutu, ndikumvetsera.