Dzina la Yordani pa Chimkuzamawu

Ntchito yanga ndi yolera ana a eni ake. Ndimaphunzitsa timu yaing'ono ya besibolo, masewero omenya kampira ndi chibonga, m'katauni ka alimi a chimanga, ndipo timu yathuyi ndi nazale chabe ya timu yayikulu ya mumzinda. Mnyamata akabwera wosadziwa ngakhale kagwiridwe ka chibonga, amandipatsa ine. Akangoyamba kuwala, amabwera kudzamutenga. Ndakalambira m'ntchito imeneyi ndipo sindidandaula kawirikawiri, koma tsiku lotseka msika wa osewera ndimadana nalo ndi mtima wanga wonse.

Chaka chino tsikulo linagwa Lamlungu, ndipo masana tinali ndi masewero pabwalo lathu. M'mawa ndikumwa khofi mu ofesi yanga, yomwe kunena zoona ndi kachipinda kosungiramo mipira, foni inalira. Anali Mayi Osgood, amene amagula ndi kugulitsa osewera m'malo mwa mwini timu yayikulu ija. Sanataye nthawi ndi moni. Anati timu ina yavomera kutipatsa Lonnie Prewitt, koma posinthana ikufuna Yordani Valdespín.

Prewitt palibe amene samudziwa. Ndi chimunthu cha mapewa ngati chitseko, ndipo akaupeza mpira bwinobwino umakagwera kuseri kwa mpanda, anthu n'kumalimbirana. Komatu ndi mdala. Mawondo ake anatha kalekale, pothamanga amachita ngati wasenza firiji. Yordani ndi mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wochokera ku Dominika, wowonda, wa manja othamanga, woseka ndi aliyense. Anafika kwa ine akumenya chilichonse chimene chadutsa, ngakhale ntchentche. Ndinamuphunzitsa kudikira mpira wake, ndipo atangodziwa kudikira, osaka osewera a matimu ena anayamba kudzaza mipando ya kumbuyo kwa ukonde. Ndinali nditanenepetsa ndekha mbuzi yoti ena adzaphe.

"Ndiuzeni zoona, a Halvorsen," anatero Mayi Osgood. "Mwanayu adzakhala chiyani?"

Ndinawauza kuti akamudikira zaka zitatu, adzakhala wosewera woposa onse amene timu yathu yakhala nawo chiyambire ine kugwira ntchito. Ndinawonjezera kuti Prewitt atimenyera bwino miyezi iwiri, kenako tidzakhala tikumulipira kuti azikhala pa benchi atazika mawondo m'madzi oundana.

Anapuma mozama. Anati zaka zitatu alibe, ali ndi miyezi iwiri yomweyo. Mwini timu anali atawauza kale pamaso kuti timu yayikuluyo ikalephera kulowa m'masewero a chikho chaka chino, alongedze katundu. Sanachite kunena kuti iwo akachoka, ife tonse amene anatilemba ntchito tidzatsatira. Ndinkadziwa, komanso ndinkadziwa kuti pa msinkhu wangawu palibe timu ina ingandifune.

"Fodya ndi amene ali pamphuno, madala," anatero.

"Nanga munandifunsiranji?"

"Ndimayembekeza kuti mundiuza kuti mwanayo ndi wamba."

Zinali zisanatheretu. Madokotala anali akuonabe zithunzi za mawondo a Prewitt. Akangovomera, Mayi Osgood anati atumiza uthenga, ndipo ine ndimuchotse Yordani m'bwalo nthawi yomweyo. Umenewo ndi mwambo wathu ndipo sitiutsutsa: wosewera akagulitsidwa sakhalanso m'bwalo ngakhale mphindi imodzi, chifukwa akavulala malonda onse afa. Ndinapempha kuti mwina ndingomusiya pa benchi kuyambira pachiyambi. Anakana. Atolankhani anunkhiza, ndipo malonda akalephereka mwanayo adziwa kuti tinamuika pamsika. Asewere basi mpaka uthenga utafika.

Apo ndi pamene ndinawauza kuti amayi ake a Yordani afika dzulo. 

"Ndikudziwa," anatero. "Ndi ofesi yanga imene inawathandiza mapepala a ulendo."

Amayi akewo, Mayi Casilda, ndinakumana nawo anyamata akutenthetsa thupi. Anali mayi wamfupi, atavala diresi yachikasu yoti mwina anaisungira tsiku lomweli, m'manja atafumbata kontena yapulasitiki. Chiyankhulo chawo ndimachimva, popeza ndili mnyamata ndinasewerako kwawo nthawi yozizira kuno. Mwana wawo anachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chichokereni mayiwo sanamuonepo akusewera ndi maso awo. Ndege yobwerera inali ya Lachiwiri, ndipo Lolemba ife sitisewera.

"Kwathu ndinkamuona akumenya zitsekerero za mabotolo ndi mpini wa tsache," anatero. "Lero ndikufuna ndimuone atavala yunifolomu, ataima pomenyera paja ngati munthu wamkulu. Ngakhale aphonye katatu, ine ndilibe nazo ntchito."

"Amayi, musandilodze," anatero Yordani, akuseka. "Kochi, mwamva? Abwera ulendo wonsewu kudzandionera ndikuphonya."

Mayiwo anamumenya pang'ono paphewa, kenako anandifunsa kuti mwana wawo amenya kangati. Ndinayankha kuti masiku onse amamenya kanayi. Zinali zoona, koma pakamwa panga panawawa. Anandilozera kontena ija n'kunena kuti ndi yanga, andipatsa masewero akatha.

Ndinachita chimodzi chokha chimene ndikanatha. Yordani amamenya wachitatu, koma tsiku limenelo ndinamuika woyamba. Ndinkaganiza kuti madokotala ndi anthu ochedwa, ndipo mwana akangomenya kamodzi amayi ake aona chimene anadzera. Vuto ndi lakuti pabwalo la kwanu alendo ndi amene amayamba kumenya, ndipo woponya wathu anasankha tsiku lomwelo kuiwala ntchito yake. Anaponya pansi, anaponya m'mwamba, alendo akungoyenda ngati ali kumsika. Ine ndinaima pakona ya benchi ndikutukwana chamumtima, maso anga ali pa Marlys, mayi amene amasamalira osewera akavulala. Ndi iye yekha amene amasunga foni nthawi ya masewero.

Pamene tinawatulutsa alendowo kuti nafe timenye, thukuta linali litandinyowetsa msana wonse. Anyamata anathamangira ku benchi. Yordani anaponya gulovu yake pansi, navala chipewa cholimba, natenga chibonga. Ndipo Marlys anandigwira mkono n'kundionetsa foni. Mayi Osgood anali atalemba kuti zatheka, mchotseni.

"Sunandionetse," ndinamunong'oneza. "Undionetse akamaliza kumenya."

"Ndakuonetsani, a Kochi," anatero Marlys osandiyang'ana. "Ndipo foniyi yawauza kale kuti ndawerenga."

Ndinayang'ana m'bwalo. Woponya wa alendo anali mnyamata wamtali amene amaponya mwamphamvu zoopsa koma osadziwa komwe mpira ukupita. Sabata yathayo anali atathyola dzanja la mwana wa timu ina. Ndikuyang'ana choncho, mpira wake woyeserera unadutsa pamwamba pa wowakha n'kukawomba ukonde, anthu a kumbuyo n'kudzidzimuka. Ndinayamba kuwerengera ngati munthu wa juga. Mwa anthu ambirimbiri amene amaima pomenyera, amene mpira umawagunda ndi ochepa, ndipo othyoka ndi ochepa kwambiri. Koma Yordani sanalinso wathu. Akanathyoka dzanja, akanakhala mwana wovulala wa timu imene yayesa kale kumugulitsa, Prewitt osabwera, Mayi Osgood atachotsedwa, Marlys ndi ine tili panjira. Ndinatembenuka kuyang'ana kumipando. Diresi yachikasu ija inali itaimirira kale, foni ili m'mwamba kuti ijambule.

Ndinachedwa kumuitana Yordani. Anali atayamba kale kuyenda.

Nyimbo yake yolowera inalira, ya ng'oma za kwawo ija imene anyamata amamuseka nayo. Kenako wolengeza anatchula dzina lake pa chimkuzamawu, ndipo analitchula bwino, chifukwa Yordani anakhala akumuphunzitsa chaka chonse mpaka lilime linazolowera. Dzinalo linamveka bwalo lonse mpaka kumalo oimika magalimoto. Ndinamva mawu a mayi mmodzi akukuwa pamwamba pa anthu onse. Yordani anasalaza dothi ndi phazi, anagogoda nsapato ndi chibonga, nakweza mutu kuyang'ana woponya.

Apo ndinatuluka, dzanja lili m'mwamba. Woyimbira anaimitsa masewero.

Kuchokera pa benchi kukafika pomenyera ndi pafupi. Yordani anandiona ndikubwera ndipo nkhope yake inasintha. Anyamata athu onse amadziwa tanthauzo la kochi kubwera tsiku limeneli munthu asanavulale.

"Kochi, kamodzi kokha," anatero motsitsa mawu.

"Sindingathe, mwanawe."

"Ndingoima basi. Sindimenya. Angondiona nditaima."

"Mpirawo sudziwa zimenezo."

Anandifunsa kuti amugulitsa kuti. Ndinamuuza. Anafunsanso kuti amusinthanitsa ndi ndani, ndipo nditatchula Prewitt anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wamva mtengo wake n'kuona kuti siwoipa. Anandipatsa chibonga. Sindikudziwa chifukwa chake anapatsa ine, koma ndinachinyamula mpaka ku benchi.

Kumeneko anyamata anali ataima kale pamzere. Mwambo wake ndi umenewo: wogulitsidwa amakumbatiridwa ndi aliyense, mmodzimmodzi, anthu akuona. Oonerera anazindikira. Ena anawomba m'manja, ena anandikuwiza, ndipo ndinaona kuti akulondola. Posakhalitsa nkhani inafika m'mafoni mwawo, ndipo bambo wina amene anali atakhuta mowa anayamba kufuula dzina la Prewitt, anzake n'kumuyankha mosangalala. Mayi Casilda anali chiimire. Foni ija anaitsitsa pang'onopang'ono, naiika m'chikwama.

Tinagonja, ndipo sindinasamale kuti ndi zingati. Masewero atatha ndinawapeza panja, dzuwa likadali lotentha, Yordani akulowetsa zikwama m'galimoto ya mnzake. Timu yake yatsopano inkamufuna mawa lake kuti madokotala akamupime, ndipo kusewera akanayamba chapakati pa sabata, amayi ake atafika kale kwawo. Ndinayamba kufotokoza za mwambo, za woponya uja, za dzanja la mwana wa timu ina. Mayiwo anandidula. Anati malemu amuna awo ankasewera, ndipo zimenezo amazidziwa, ndisadzivutitse.

Ndikanakonda akanandikalipira. M'malo mwake anandifunsa modekha ngati mdala tagulayo amamenya bwino.

"Amamenya, mayi."

"Chabwino. Amayi ake akamuonere."

Anatembenuka kuti alowe m'galimoto, kenako anakumbukira. Anabwerera n'kundiika kontena ija m'manja. Munali maswiti a kokonati ophika okha, atawayala bwinobwino pa pepala kuti asaphwanyike m'ndege. Ndinayesa kukana, ndikunena kuti aperekeze mwana paulendo.

"Ndinakuphikirani ndisanakudziweni," anatero. "Tengani."