Madzi a Tudose

Mwamuna wanga Tudose ndinasiya kumutungira madzi atatha masiku asanu ndi atatu m'manda. Ndowa ndinaiponya kuseri kwa khola la atsekwe, ndinati limuphe ludzu komwe aliko.

Wakufa timamutungira masiku makumi anayi. Mmawa uliwonse ndowa imodzi, kuchoka pachitsime kukathira mumtsuko wa mnansi, n'kudula kamzere ndi mpeni pakamtengo. Tsiku lomaliza timakasiya kathabwa ka makandulo pamtsinje wa Olt kuti madziwo akamupeze. Wosatungiridwa amangoyendayenda, kukhosi kuli gwa. Ndikudziwa bwino. N'chifukwa chake ndinasiya.

Ndinapeza mapepala a kuchipatala m'kanyumba ka njuchi zake, pansi pa chitini cha phula. Sukulu ndinalekeza m'kalasi yachinayi, koma mawu akuti khansa ndimawawerenga. Miyezi khumi ndi umodzi! Munthu ankati akupita kutauni ya Slatina kukagula zipangizo za njuchi, chonsecho akukabayidwa majekeseni. Pansi pa pepala lililonse panali dzina la mwana wathu Sorina, amene amasamalira nkhalamba za eni ku Torino, ku Italy. Anapangana awiriwo, ine ndikungophika nyemba ngati chitsiru.

Sorina pobwerera ku Italy atatha maliro anandisiyira patebulo tabuleti, foni yaikulu ija yoimbirana mukuonana. Akaimba sindinkayankha. Lachiwiri lina mmawa inalira mpaka ndinatopa, ndinadina kuti ndimutukwane. Koma panatulukira mayi wina wamagalasi, ndipo pakona kankhope kanga, kotupa ngati buledi wonyowa. Ndinathamanga n'kuiphimba ndi nsalu yopukutira mbale.

"Mayi Paraschiva, ndine Otilia, ndili ku Craiova. Ntchito yanga ndi kucheza ndi anthu amene mitima yawalemera. Mwana wanu anandipempha. Koma ndikungoona mdima."

"Ndi nsalu. M'nyumba ya maliro kalilole timaphimba. Sanakuphunzitse kusukulu yako yaitaliyo?"

"Sanatiphunzitse. Isiyeni, kumva ndikukumvani."

"Ine sindine wamisala, mtsikana iwe."

"Sindinaganize choncho. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka ndili ndi mwamuna wabodza m'manda ndi mwana wabodza ku Italy."

"Tiyambe ndi uti?"

Ndinayamba ndi wa m'mandayo. Ola lonse linatha.

Masiku amenewo nkhungu inkatsika kuchokera kumtsinje n'kukhala pamudzi mpaka masana. Nyumba zinkaoneka ngati zikuyandama. Mphesa zinkaola pamtengo, palibe wothyola, njuchi zikuledzera nazo. Ndikakhala pabenchi pansi pake maso ankalemera, ndipo ndinkamuona Tudose ataima pachitsime, atavala chipewa chake cha ukonde, kapu ili m'manja chozondoka. Akatsegula pakamwa simunkatuluka mawu, munkatuluka njuchi imodzi, n'kuuluka pang'onopang'ono kudzatera pabondo langa. Ndinkamuuza kuti, "Ima pomwepo. Ukafuna madzi ukapemphe adokotala ako."

Lachiwiri lililonse mawu a Otilia ankatuluka pansi pa nsalu ngati munthu akuyankhula m'chitsime. Ndinamuuza za njuchi ija. Sanaseke. Anangofunsa kuti inandiluma kodi. Ndinati ayi. Anati, "Ndiye imabwera kudzatani?" Ndinati afunse njuchiyo.

Atatsala masiku anayi kuti akwane makumi anayi, Otilia anati, "Sorina akufuna kulowa nawo lero. Mukakana, salowa."

"Alowe. Koma nsalu sindichotsa."

Ndinamva kupuma kwake asanayankhule. Amapumira pakamwa ngati bambo ake.

"Amayi."

"Amako ndi mapepala aja."

"Bambo anandilumbiritsa, amayi."

"Iwe n'kulumbira! Ndinakubereka ine kapena iyeyo?"

"Mayi Paraschiva," anatero Otilia, "tamulolani amalize, kenako mpata wonse ndi wanu."

Sorina anamina kaye. "Ndinawakakamiza kuti akuuzeni. Anati, amako akadziwa asiya kundikalipira. Ayamba kuyenda monyang'ama, kundipatsa supu ndi sipuni, kumati Tudose wanga. Tsiku limenelo ndidzadziwa kuti ndafa kale. Anati ndikufuna ndizimva 'chitsiru iwe, nsapato zamatopezo panja' mpaka tsiku lomaliza."

Ndinayang'ana pakhomo. Nsapatozo zinali pomwepo, panja, matope atauma. Mmawa umene Tudose anagwa n'kufera pakati pa ming'oma yake ndinamukalipira chifukwa cha nsapato zomwezo, ndipo anatuluka akuseka. Ndinkadabwa kuti akuseka chiyani.

"Anandilanda," ndinatero. "Ndikanamugwirako dzanja. Ndikanamuphera tsekwe. Ndani anamuuza kuti asankhe yekha?"

"Anakulandani ndithu," anatero Otilia. "Mkwiyowo ndi wanu, ine sindikulandani. Koma ndifunse, poti mwambowu sindiudziwa bwino. Madziwo amafuna kuti wotunga akhale atakhululuka?"

"Mwana wa m'tauni iwe! Amafuna ndowa yodzaza, basi."

Mawu angawo anangotsala m'khitchini, akuzungulira ngati ntchentche.

Ndinakatola ndowa kuseri kwa khola. Pakamtengo panali timizere tisanu ndi titatu tokha. Ndinatunga tsiku limenelo mpaka mapewa anachita dzanzi, ndipo njira yonse ndinkamuuza. "Wakuba iwe. Wamantha. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndikuchapa masokosi ako, ukuona ngati sindikanatha kuchapa matenda ako?" Madzi ankakhavukira m'nkhungu, atsekwe akunditsata pambuyo ngati anthu a pamaliro.

Mnansi wanga Veta anatuluka manja ali m'chiuno. "Chiva, wapenga? Ndi imodzi patsiku! Mitsuko yadzaza, ndithira kuti, m'matumba?"

"Sambamo, mwina n'kuyera. Tudose wandinamiza miyezi khumi ndi umodzi, ndiye andiwerengere masiku?"

Veta anaseka n'kukatulutsa beseni lochapira. Litadzaza ndinapita nyumba yotsatira, kenako yotsatira. Masiku anayi mudzi wonse unamva machimo a Tudose, ndipo aliyense anamwa madzi ake.

Mmawa wa tsiku la makumi anayi tinatsikira kumtsinje, Veta atanyamula kathabwa ka makandulo, ine tabuleti yokulunga munsalu. Tsidya linalo silinkaoneka. Madzi ndi thambo zinali chinthu chimodzi chotuwa, mitengo ikulendewera pakati popanda mizu. Ndinachotsa nsalu, n'kudina dzina la Sorina ndekha. Ndinalozetsa galasi kumadzi kuti aone.

Tinayatsa makandulo, ndinakankha kathabwa. Kanapita pang'ono n'kukakodwa m'bango, kumangozungulira pamodzimodzi. Veta anagwira pakamwa. Kakatero ndiye kuti wakufa wakana madzi.

"Amayi, kaima," anatero Sorina.

Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zomwe mpaka m'mawondo. "Tudose! Ndathyoka msana ine, iwe uzichita manyazi? Imwa, chitsiru iwe!"

Kathabwa kanazungulira kamodzi n'kumasuka. Timoto tinalowa m'nkhungu tikuchepa pang'onopang'ono, ndipo kutsogoloko ndinaona ngati chipewa cha ukonde chikuwerama pamadzi. Veta akuti inali mbalame. Veta maso ake ndi a nkhuku.

Ndinatembenuza tabuleti. Nkhope ya mwana wanga inali itatha, makutu a bambo ake ali panja.

"Wawonda. Kumeneko ukudya chiyani, mphepo?"

"Ndikudya, amayi."

"Bodza lina limenelo. Lachiwiri ulowenso, timuuze Otilia. Ndipo Khirisimasi ubwere, pali uchi wa bambo ako wosakolola, ine njuchi zimandida."

Anaseka akulira. Ndinakwera mtunda madzi akulira m'nsapato, ndipo nditafika pakhomo ndinazivula n'kuziika panja, pambali pa zake.