Chopondera cha Apongozi

Tiyi wa masana anali atazizira m'makapu, koma Bambo a mapasa anali asanamalize kutama galimoto yawo. Banja lonse linali pakhonde. Akazi awo ankasoka batani la yunifomu, mapasawo ankalimbirana chidutswa chomaliza cha buledi, ndipo agogo a mapasawo, bambo a mwini galimotoyo, anali pampando wansungwi, chipewa chili pabondo.

"Mukanaona lero pa chithaphwi cha m'munsi mwa phiri!" anatero akuloza pikapu imene inaima pabwalo monyada ngati tambala. "Lole ya mchenga yatitimira mpaka m'mimba. Ine ndangodutsa bwinobwino, ndikuwabayibitsa."

Panali patatha sabata chikwezereni bodi ya pikapuyo. Makaniko anaika timidadada tolimba pakati pa bodi ndi chesesi kuti matayala akuluakulu akwane osakhula. Msewu wa ku munda wawo wa mapeyala unali wa matope ndi miyala, ndipo dzinja lililonse Bambo a mapasa ankataya masiku akufukula galimoto ndi khasu. Tsopano khasulo linali litapuma. Anansi anali ataipatsa kale galimotoyo dzina loti Kadyamsonga.

"Kudutsa mwadutsa," anatero Mayi a mapasa akudula ulusi ndi mano, "koma pokhota imapendekeka ngati yalawa mowa. Dzana ndinachita kugwira chitseko ndi manja awiri."

"Galimoto zazitali zimatero. Umangokhota mwaulemu."

"Nanga giya? Yalowa pansi ngati ikuchita manyazi. Posintha mumawerama ngati mukutola singano."

Mapasa anagwa nako kuseka. Bambo awo anaseka nawo, kenako anatembenukira kwa mkulu uja.

"Bambo, mawa tilawirira. Timitengo tanu tomezanitsa tija taphuka. Tikufunika kumasula."

"Pita iwe. Ine mawa ndili ndi zochita."

"Zochita zanji? Dzulo munati chimfine, dzana munati kukuzizira."

"Nkhuku zikufuna munthu pakhomo," anayankha mkuluyo. Anagwira mzati, n'kudzuka pang'onopang'ono kulowa m'nyumba.

Bambo a mapasa anawatsatira ndi maso modabwa. Mundawo anaubzala ndi mkuluyo, mtengo umodziumodzi, ndipo kwa zaka makumi awiri sanaphonyepo tsiku, mvula kaya dzuwa. Timitengo tomezanitsato sankalola wina aliyense kutikhudza. Koma sabata yonseyi anali atangokhala pakhonde, akusiya chakudya m'mbale, akuyang'ana kuphiri.

Mayi a mapasa anatuma ana kukatsuka makapu, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Inu maso anu ali pa matayala basi," ananong'oneza. "Lolemba m'mawa, inu muli kuseri kotenga madengu, ine ndinali pawindo. Bambo anu anatsegula chitseko cha galimoto. Ananyamula mwendo, sunafike. Anayesanso, sunafike. Kachitatu anatsala pang'ono kugwa chagada. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutseka chitseko mwakachetechete."

"Nanga osanena bwanji? Ndikanawanyamula."

"Kuwanyamula! Munthu amene anakulerani, mumukweze ngati thumba la feteleza, anansi ali maso tong'o? Angalolere kufota pakhonde pano."

Bambo a mapasa anayang'ana Kadyamsonga. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti mpando wake unalidi kumwamba. Anatola makiyi osamaliza tiyi.

Makaniko anam'peza atagona pansi pa thirakitala, miyendo yokha ikuoneka.

"Amakaniko, itsitseni."

Munthuyo anatuluka, girisi ali pamphuno. "Sabata imodzi yokha, achimwene? Ngakhale mkamwini woipa amatha mwezi."

"Bambo akulephera kukwera."

"Aa, pepani." Makaniko anapukuta manja pa ovolosi. "Kutsitsa n'kosavuta. Koma tikatsitsa, matayalawa azikhula. Mubwerera ku ang'onoang'ono aja, ndi khasu lanu kumbuyo. Mvula ikalimba, mkuluyo kumundako sazifikanso, ngakhale akwere bwanji."

"Ndiye titani?"

"Chopondera. Ndiwotcherera chitsulo m'munsi mwa chitseko, chotsika bwino. Koma ndinene chilungamo, musadzanditukwane. Mbali imeneyo iyandikiranso pansi. M'matope mulibe vuto, koma pamiyala chizigunda."

Bambo a mapasa anakanda mutu. Njira yachidule ya pamiyala anali atangoyamba kuidzera sabata yomweyi, ndipo inali itawakoma. Yozungulira kumtsinje inkadya pafupifupi theka la ola. Anaona m'maganizo mwawo anzawo a pamsika akuseka kuti Kadyamsonga wayamba kuopa timiyala.

"Wotchererani," anatero.

Pamene ankabwerera, dzuwa linali lisanalowe. Anali akuganizabe mawu oti akawauze bambo awo, chifukwa ankadziwa kuti akangoti chopondera n'chanu, mkuluyo sadzachiponda mpaka chichite dzimbiri. Koma asanazimitse n'komwe injini, Mayi a mapasa anatulukira pakhomo, mawu ali pamwamba kuti afike mpaka kuchipinda.

"Eee, lero mwandimvera! Sabata yathunthu ndikulira kuti ndikung'amba masiketi pokwera chinyama chanuchi!"

Amuna awo anatsegula pakamwa kuti afunse kuti analira liti, koma mayiwo anawaponda chala.

"Inde," anatero msangamsanga, nawonso mokweza. "Ndatopa ndi kudandaula kwanu. Chopondera chanu ndi chimenecho."

Mayi a mapasa anakwera, anatsika, anakweranso, akuyamikira ngati awagulira nyumba. Katani ya kuchipinda cha mkuluyo inagwedezeka pang'ono, koma sanatuluke.

M'mawa mwake Bambo a mapasa anaimika galimoto chitseko chakumanzere chitaloza kukhonde, n'kupita kuseri kukatenga madengu. Kumeneko anachedwa dala. Anawasanja, anawasanjula, anathamangitsa nkhuku imene sinalakwe kanthu. 

Pobwera anapeza mkuluyo ali kale pampando wakutsogolo, jekete atavala, kampeni kakusuzumira m'thumba.

"Ukuchedwa," anatero osawayang'ana. "Madengu anayi omwewo mpaka dzuwa kukwera?"

Ananyamuka. Pa chithaphwi chija anadutsa matope akuthovukira m'mbali, ndipo mkuluyo anasuzumira pawindo n'kugwedeza mutu movomereza. Atafika pamphambano, Bambo a mapasa anakhotera njira ya kumtsinje.

"Nanga ya pamiyala ija unkaitama?"

"Chopondera cha apongozi anu chingagunde."

Mkuluyo anasisita bondo.

"Apongozi angawo," anatero, "ali ndi miyendo yaitali kuposa yako. Atafuna, akhoza kukwera ndi padenga pomwe."

Bambo a mapasa anangoyang'ana kutsogolo, manja atalimba pa chiwongolero.

"Komabe ukawauze kuti zikomo pondibwereka. Chandikwana ndendende."